Zisoti za Maluwa a Kumanda

Padova,
24 Novembala

Achemwali anga a Parascovia,

Landirani moni wochokera pansi pa mtima. Kodi muli bwanji kumudziko? Msana uja wasiya, kapena mukulimbanabe ndi khasu ngati mtsikana? Nanga mwana wanga Ilinca akukumverani? Ine ndili bwino, kungoti chifunga cha kuno chimalowa mpaka m'mafupa.

Ndili ndi nkhani yabwino, koma muyambe mwandiseka kaye, poti ndikudziwa simungapirire.

Paja ndinakuuzani za Ornella, mayi wojambula zithunzi za ana, amene amagwirira ntchito m'chipinda chapansi pa nyumba ya a Bepi, nkhalamba imene ndimasamala. Tsiku lina Ornellayo ankadandaula kuti zisoti zamaluwa zoveka ana pojambula n'zodula, komanso ana amazithyola tsiku lomwelo. Ine ndi pakamwa pangapa ndinamuuza kuti inu ndi ine tinkalukira sukulu yonse zisoti za ana okhoza bwino pa tsiku lotsekera. Anati ndimupangire khumi ndi ziwiri za ana a sukulu ya mkaka, ndipo makolo akakondwa andilemba ntchito ya masana, ya mapepala enieni. Mukudziwa kuti ntchito ya kwa a Bepi yokha siikwanira kuti aboma andilole kuitanitsa Ilinca. Ndinaona kuti mwana wanga ali m'zisoti zimenezi.

Pa 3 Novembala ndinapeza pamsika dengu lodzaza maluwa ansalu, madumitritsa enieni ngati aja amamasula kuseri kwa nyumba ya malemu amayi: achikasu, oyera, ofiirira. Mtengo wake unali wongotaya. Ndinatenga thumba lonse. Mayi wogulitsa anandiyang'ana mwachisoni n'kundifunsa ngati onsewo anali abale anga. Ndinayankha monyadira kuti ayi, ndi ana a eni ake, khumi ndi awiri, onse a zaka zinayi. Mayiyo analemba chizindikiro cha mtanda, misozi ili lengelenge, n'kundiwonjezera ena aulere. Ine ndinachoka ndikuyamikira kuti anthu a kuno ndi okoma mtima.

Ndinagwira ntchito, achemwali, mukanandiona! Waya ndinkaukulunga ndi liboni kuti usabaye mwana, maluwa n'kumata bwinobwino. Ndipo ndinasamala kwambiri powerenga: chisoti chilichonse maluwa asanu ndi awiri, osalola kuti akwane awiriawiri, poti kwathuko amenewo ndi a maliro. Ndinawerenga kachiwiri ndi kachitatu kuti tsoka lisagwere mwana wa mwini.

Loweruka Ornella anali pa chipwirikiti, bokosi sanalitsegule n'komwe. Woyamba kukhala pampando anali Gemma, kamtsikana ka masaya ngati mabanzi, kamene kanabwera ndi agogo ake, a Fosca. Nditangokaveka chisoti choyera, agogowo anakuwa ngati aponda moto. Dzanja limodzi anagwira makiyi achitsulo kuthamangitsa tsoka, linalo anakwatula chisoticho.

"Mayi inu, mdzukulu wangayu mwamuona akudwala?" anatero. "Kapena bokosi mwagula kale, tingomuika lero lomwe?"

Makolo ena anatuluka, aliyense akukoka wake. Ornella, nkhope itagwa, anandifotokozera kuti kuno madumitritsa sapatsa munthu wamoyo. Ndi a kumanda basi, amapita nawo pa tsiku lokumbukira akufa, pa 2 Novembala. N'chifukwa chake m'mawa mwake anali otchipa. Zaka zitatu ndili kuno, ine osadziwa! Safunsa anadya phula, achemwali, ndipo ine ndinadya thumba lonse. Ornella anati wawapempha makolowo kuti abwerenso Loweruka linalo, koma akapanda kubwera, za ntchito ija tiiwale. Ndinalira pamasitepe, osati ndi manyazi okha, koma poona kuti Ilinca ndamutalikitsa ndi manja anga omwe.

A Bepi nditawauza anaseka mpaka kutsamwa, ndinachita kuwasisita pamsana. Amvekere, "Zinaida mwana wanga, ine wa zaka makumi asanu ndi atatu uli nane pompano, iwe n'kukayamba ndi sukulu ya mkaka?" Atatha kuseka anandituma kutsegula kabati imene salola munthu kuikhudza, ya madiresi a malemu akazi awo, a Nives. Anati mayiwo ankadana ndi nsalu yongokhala, ndidule imene ndikufuna.

Mukukumbukira mmene amayi ankapangira maluwa? Kudula nsalu timabwalo, kuwaula m'mphepete pa kandulo kuti ipindike, kusanjikiza, pakati n'kusokerera batani. Ndinachita zomwezo sabata yonse. A Bepi anadzipatsa udindo wosankha mabatani, ndipo kapitawo wake ndi wovuta kuposa inu. Duwa lililonse ndinkayamba ndawafunsa ngati lili la amoyo.

Loweruka anabwera ana asanu ndi anayi. Zithunzi zake, achemwali! Kamnyamata kena kanakana kuvula chisoti cha mlongo wake, kanapita nacho kunyumba kali njonjonjo. Chakumapeto analowa a Fosca, makiyi ali kale m'manja, akuti angobwera kudzaona ngati ndasintha. Anatola chisoti chofiira, n'kuchitembenuza. Anaizindikira nsaluyo. Akuti ndi diresi imene a Nives ankavina nayo kumadyerero a kutchalitchi, amuna onse makosi ali khotekhote, ngakhale awo omwe. Anamuveka okha Gemma.

Atandifunsa chifukwa chake paliponse pali maluwa asanu ndi awiri, ndinawauza za mwambo wathu. Anadzigwira pakamwa, akuti ndiye kuti amuna awo, amene chaka chilichonse ankawabweretsera maluwa khumi ndi awiri, ankafuna afe msanga. Tinaseka mpaka Ornella anatijambula tonse, agogowo atavala chisoti cha mwana chopendekera.

Zisoti zoyamba zija sizinatayike. Lamulungu ndinawakankha a Bepi pa njinga yawo ya olumala mpaka kumanda. Choyera chija anachikoleka okha pa chithunzi cha pamanda a a Nives, akuti mayiwo ankakonda kutchena. Zotsalazo tinagawira manda amene analibe maluwa.

Tsopano imvani: Lachiwiri Ornella wasayina mapepala. Akuti zonse zikayenda bwino, pofika Isitala Ilinca adzakhala ali kuno. Musamuuze kaye tsiku, mukudziwa mmene amawerengera. Ine ndikungoimba m'nyumba muno, a Bepi akuti ndikuwasokoneza kumvera wailesi.

Pempho langa ndi limodzi. Ndasunga kansalu kabuluu, kokongola kuposa tonse, kuti ndimupangire chisoti chodzamuveka potsika minibasi. Dzulo ndinatenga waya kuti ndiyambe, koma manja anangoima. Mitu ya ana a eni ake ndikuidziwa ndi maso okha, koma wa mwana wanga sindikuudziwa. Umene ndikuukumbukira ndi wa zaka zinayi, uja unkakwana pachifuwa panga. Chonde tengani ulusi, mumuzunguze pamphumi, mumange mfundo pamene wathera, mupatsire a Tudor a minibasi yobwera kuno Lachinayi. Mwanayo akafunsa, muzingoti mukufuna kumulukira chipewa.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Vasile, muwauze vinyo wa chaka chino asamalize okha. Moni kwa azakhali a Eufrosinia, kwa ana anu onse, ndi kwa aphunzitsi a Ilinca. Mwanayo mumupsompsone pamutu pomwe muyezepo.

Ulusiwo musaukoke kwambiri, achemwali, musiyeko mpata pang'ono. Pofika Isitala adzakhala atakulanso.

Ndine mng'ono wanu wosafunsa uja,
Zinaida