Thunthu la Nthochi M'manda a Agogo Sailesi

Chia, Nkhotakota
18 Ogasiti 2024

Okondedwa achimwene Percy,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joni komweko pamodzi ndi alamu. Kuno mpunga tinakolola, mwera ndiye ukuvuta asodzi. Ndalemba kalata chifukwa pa foni mawu angandithawe.

Mukudziwa kuti ababa akonza chiliza cha agogo awo a Sailesi, aja tinakula tikumva kuti anafera m'nyanja pa nkhondo ya Ajeremani, akusonkhezera nkhuni m'sitima ya mfuti ya Angerezi. Mtembo sunaoneke, ndiye akazi awo a Dailesi anakwirira thunthu la nthochi, monga mwa mwambo. Ababa anandituma kuti ndipeze tsiku lenileni la imfa yawo loti mmisiri alembe pamwala. Anati, "Sukulu yonse ija, ulephere tsiku limodzi?"

Ndinakhala masabata awiri ku Zomba, kumalo osungira zolembedwa zakale, ndikutembenuza manyuzipepala a azungu ofumbutuka. Za 1914 ndinawerenga zonse, za 1915 chimodzimodzi. Mayina a azungu analipo, a anthu akuda ayi. Ndinayamba kudzikayikira, mwina ndine amene sindidziwa kufufuza.

Tsiku lomaliza ndinatsegula mtolo wa 1921, kungoti ndisabwerere chimanjamanja. Achimwene, ndinawapeza. Nkhani yaifupi, yoti osonkhezera moto anayi apatsidwa mendulo padoko la ku Mangochi. Wachitatu anali "Sailesi wa ku Chia, Kota Kota, wa zala zisanu ndi chimodzi kudzanja lamanzere." Analemba kuti anagwera m'madzi mu 1914 akukweza nkhuni, anzake n'kumuvuula sitima itanyamuka kale. Mzere womaliza unati amakhala padoko pompo ndi mkazi ndi ana atatu.

Ndinawerenga kanayi. Kenako ndinajambula tsambalo pa foni. Zaka zisanu ndi ziwiri ali moyo, sitima ikuima pa Nkhotakota kutenga nkhuni, iwo osatsika n'kamodzi komwe kudzati ndilipo! A Dailesi anameta, anavala zakuda, analera mwana okha, osakwatiwanso.

Ndiulule: nditabwerera ndinanama. Masiku asanu ndinkauza ababa kuti mapepala anadyedwa ndi chiswe. Ndinaganizanso zongopeka tsiku, pakuti ndani akanatsutsa? Koma Lachinayi mmisiri anabwera ndi chitsulo chake, nati, "Asisi, nenani manambala, simenti sidikira digiri." Ababa anaseka. Ine ndinalephera kuseka.

Ndinawatengera kuseri kwa nkhokwe n'kuwaonetsa chithunzi cha nyuzipepala pa foni, ndikumasulira mzere ndi mzere. Anayang'ana chipsera cha padzanja pawo, paja anawadula kachala kachisanu ndi chimodzi ali khanda.

"Ndiye zaka zonsezi takhala tikulambula manda a nthochi," anatero.

"Pepani ababa. Mwina ndikanangokhala chete."

"Ukanakhala chete, ine n'kulemba bodza pamwala ndi dzina langa pansi?" Anapukuta kumaso. "Ana atatuwo, mayina awo alembedwa?"

Ndinati ayi. Anadzuka, napita kwa mmisiri, namuuza kuti asamutse njerwa. Manda a agogo a Dailesi ali pafupi pomwepo, pansi pa mtondo, opanda ngakhale mtanda. Inu munayamba mwawalambulapo? Ine ayi. Chiliza chikumangidwa pamenepo tsopano, ndipo mwambo wa chiliza ukhalapobe pa 14 Sepitembala. Azakhali a Dyna akwiya, sakundiyankha moni, akuti ndafukula zosafukula. Mwina akunena zoona, sindikudziwa.

Ababa akufuna tipite ku Mangochi mukabwera, tikafunse padoko. Akuti sitidzasowa pofunsira, tizikangoyang'ana manja a anthu.

Moni kwa alamu. Khanda lanu Atikonda mumugwirire dzanja lamanzere lija m'malo mwanga, ndipo kachala kake kachisanu ndi chimodzi musafulumire kukadula. Ababa akuti akufuna akaone kaye.

Ndine mlongo wanu,
Talandira