Masamba Amene Ndinadula ndi Lezala

Lolemba, 3 Febuluwale

...ndiye ndamuuza kasitomala wa jekete uja kuti, achimwene, mabuku onse ali patebulo panowa ndinawawerenga, ena kawiri, ena nditatsinzina. Wagula awiri. Zoona zake, ndimawerenga chikuto ndi tsamba lomaliza basi. Zapakatizo n'za anthu amene sadandaula za lendi. Komabe mumsewu uno palibe wodziwa mabuku achikondi kuposa ine. Ngakhale owalembawo atabwera, ndikhoza kuwakhazika pansi.

Onse n'chimodzimodzi. Mkazi wamakedzana, diresi lokwekwereza pansi, hatchi, makandulo. Amakana mwamuna buku lonse, khosi lili nga. Tsamba lomaliza, ukwati. Kulimba mtima konse kuja kwathera mu velo.

Madzulo Kanjinga, mwana wanga mmodzi yekhayo, wabwera ndi nkhani. Wapeza malo kusukulu ya zamagetsi, mumzinda wakutali. Ayambe mwezi ukatha. Koma chibwenzi chake cha m'shopu ya mafoni, amene ine ndimawatcha a Perefyumu, akuti Kanjinga akapita ukwati palibe. Iye akuti, "Amayi, ndiganize kaye." Kuganiza chiyani?

Lachinayi, 6 Febuluwale

Mvula tsiku lonse. Mabuku m'pulasitiki, mwini wake panja ngati nkhuku. Wogula ng'o.

Kanjinga watenga chibuku chachikulu chija, cha mkazi woima pa sitima yapamadzi, tsitsi lili m'mphepo. Wandifotokozera. Akuti mkaziyo bambo ake anamusiyira sitima, abale akufuna kuigulitsa, mwini minda wina wachuma akumufunsira, iye akukana. Mwanayu akuwerenga mpaka kupsereza mpunga. Akuti, "Mkazi ameneyu, amayi, ndi moto."

Moto wake uti. Ine kumapeto ndinasuzumirako kale. Liwu loti ukwati ndinaliona ndi maso angawa. Akafika pamenepo adzati, ngakhale Mayi Sitima anagonja, nanga ine ndine yani? Sukulu basi yapita.

Loweruka, 8 Febuluwale

Ndachita opaleshoni. Kanjinga ali kosamba, ine lezala m'manja. Masamba onse omaliza a chibuku chija ndadula, mwaukhondo, dokotala sangafikepo. Tsopano buku likuthera pamene sitima ikuchoka padoko, mkazi ali yekhayekha pachiwongolero. Ndalemba buku loposa la mwini wake, cholembera osachigwira.

Masambawo ndaponya m'katoni ya mapepala otha ntchito, ija ndimapatsa amayi a mtedza a pakona kuti azikulungira. Kwa ine kulibe chotayika.

Lachitatu, 12 Febuluwale

Kanjinga wamaliza chibuku chija. Anatembenuza chikuto uku ndi uku. "Latha choncho?" Ndati ee, mabuku apamwamba amatha choncho, mwadzidzidzi, ngati magetsi.

Madzulo a Perefyumu anabwera. Fungo linafika kaye, eni ake pambuyo, ntchentche zonse za mumsewu zinakomoka. Aulemu ndithu. Anandinyamulira tebulo mpaka kunyumba. Mnyamatayu si woipa, ndiye vuto lake limenelo. Bambo a Kanjinga nawonso sanali oipa. Ankanyamula tebulo lomweli, mpaka tsiku limene ananena kuti mkazi wapabanja sakhala pamsewu. Ndinasankha tebulo. Si kuti sizinapweteke.

Lachiwiri, 18 Febuluwale

Ndagwidwa, ine katswiri.

Kanjinga anagula mtedza pakona. Atamaliza kudya n'kutambasula pepala, n'kupeza Mayi Sitima ali paukwati, dzina lawo lanyowa ndi mafuta. Anabwerera, n'kugula mtedza wonse wokulungidwa m'masamba a bukulo. Ena anali atapita kale m'matumba mwa anthu. Penapake mumzinda muno pali kondakitala amene akudziwa mmene anapsompsonerana.

Anafika patebulo, mtedza thumba lodzaza. "Amayi, mwaba mwamuna wa eni ake ndi lezala." Ndinaseka. Iye ayi. Akuti, "Mumandiyesa kamwana koti pepala lindisankhire moyo?" Makasitomala ali pompo. Ndinalakalaka nditalowa pansi pa tebulo.

Kenaka anandiwerengera, tsamba ndi tsamba, akudumpha posowapo. Kani mkazi uja anakwatiwadi, koma sitima sanaisiye! Mwini minda uja ndiye anasiya minda yake n'kukwera, akusanza ulendo wonse. Ine ndinangoona liwu limodzi n'kuthamangira lezala. Mbali imene ikanandithandiza ndi yomwe ndinakapereka ku mtedza.

Lachisanu, 21 Febuluwale

Sakundiyankhula. Moni yekha, wouma. Mtedza m'mawa, mtedza masana, nsagwada zatopa. Lendi nayonso yayandikira, koma zimenezo n'zazing'ono. Mwana wanga kundidutsa ngati mpando, icho ndiye chikundiwawa.

Dzulo anapita kwa a Perefyumu ndi masamba amafuta aja. Zimene akambirana sindikudziwa. Sindinafunse. Chibadwire, aka n'koyamba kutseka pakamwa panga ndekha. Pakanafunika mendulo.

Lachisanu, 28 Febuluwale

Wapita kusukulu! Wasankha yekha, anangondiuza akulongedza.

Kudepoti ndinavala diresi langa lofiira, mabasi onse anaima kundiyang'ana. A Perefyumu ananyamula chikwama, maso ali psuu, lero fungo lochepa. Akuti azikamuona. Zoti ukwati palibe sanabwerezenso, zoti ulipo sananenenso. Azionera okha, sitima ndi ya Kanjinga.

Basi ili pafupi kunyamuka, mwana wanga anatulutsa mutu pawindo n'kunena kuti, "Amayi, mkazi wa m'buku uja ndi inu." Anthu onse anawomba m'manja, dalaivala misozi mbwe. Ndabwerera kunyumba ndikuyenda ngati mwini doko.

Lamlungu, 2 Malichi

Nyumba zii. Ndathira tiyi m'makapu awiri, dzanja silinamve kuti wapita. Waimba foni, wafika bwino, chipinda chake n'chaching'ono, anzake ambiri ndi anyamata. Akuti waya woyamba agwira mawa.

Chibuku chija ndayesa kuchiyamba kutsamba loyamba. Zilembo zing'onozing'ono, maso akuwawa, koma ndafika pamene abale abwera kudzayeza sitima. Anthu oipa.

Pano palibe kasitomala woti ndimunamize, ndiye ndikonze chimodzi. Za pawindo zija ndawonjezera. Palibe anawomba m'manja, dalaivala ankadya nthochi. Ndipo Kanjinga sananene kuti mkazi wa m'buku ndi ine. Ndinadikira kuti anene. Anangondiyang'ana nthawi yaitali, n'kuti, "Amayi, mapilitsi anu aja musamadumphitse."

Ndamwa.