Juwisi wanga wa malambe m'botolo la Nachisale

Lachinayi, Okutobala. Kunja kwatentha tsiku lonse.

Lero ndabwerako ku msika wa Golomoti ndi mabotolo anga a juwisi wa malambe osagulidwa. Makasitomala anga onse anaunjikana kwa Nachisale, amene wangoyamba kumene kugulitsa juwisi kutsidya kwa msewu, motchipa kuposa ine. Ndinapita ndekha kukagula botolo limodzi. Nditangolawa, ndinadziwa pomwepo. Ndi juwisi wanga weniweni! Kafungo ka mpunga wokazinga kali momwemo, pamodzi ndi ka masamba a mandimu amene ndimawiritsa m'madzi ndisanathire malambe. Ndinavutika chaka chathunthu kuyesa izi ndi izo kuti ndipeze kakomedwe kameneka, ndipo ngakhale mchemwali wanga sindinamuuzepo. Amene amandiona ndikukonza ndi amuna anga okha, bambo a Chisomo.

Atabwera kuchokera ku sikimu ya mpunga, ndinawaikira botolo lija patsogolo.

"Bambo a Chisomo, Nachisale wadziwa bwanji kakonzedwe kanga?"

Sanakane n'komwe. Anapukuta thukuta n'kunena kuti, "Ndinamuuza ndine. Nayenso akufunika pogwira. Mimba ali nayoyo ndi yanga."

Ndinangokhala pansi pakhonde pomwepo. Ine ndimayesa kuti andibera juwisi yekha.

Chisomo wandifunsa chifukwa chake sindikudya, ndamunamiza kuti mutu ukundipweteka. Malambe a mawa ndaviika kale m'ndowa. Koma kuti ndidzuke, ndisenze mabotolo, ndikaime moyang'anizana ndi mayi ameneyo, msika wonse ukutiona...