Dzina Limene Ndinafufuta pa Katenka

Kineshma, 17 Novembala 2019

Okondedwa achimwene Gleb,

Kodi mukukumbuka kuti pochoka munati buku lanu la ndalama zakale ndisaligwire ndi manja onyowa? Lamulo limenelo ndasunga, manja ndimapukuta nthawi zonse. Koma pali zina zimene simunandiletse chifukwa simunaganize kuti munthu angachite, ndiye ine ndachita.

Choyamba, tonse tili bwino. Mayi chifuwa chija chatha. Bambo asinthidwa, tsopano akuyendetsa basi yam'mawa. Mtsinje wayamba kuundana m'mbali chifukwa cha kuzizira. Aphunzitsi anawerenga chimangirizo changa m'kalasi, ine ndinangoti nkhope patebulo, koma akuti ndimalemba bwino. Nchifukwa chake ndasankha kalata. Pa foni ndikanangonena kuti zonse zili bwino, komanso m'sitima yanu ya panyanjayo foni imagwira kamodzi pa mwezi.

Ndinayamba kupita ku kalabu ya osonkhanitsa ndalama zakale ku laibulale, Loweruka lililonse. Milungu itatu yoyamba ndinkangomwa tiyi. A Veniamin Markovich, aja a ndevu amene munkagula nawo ma ruble atatu obiriwira, amanditcha "mlongo wa woyenda panyanja". Sabata yapitayi anati, "Tasya, ukatha tiyi yense wa laibulale. Loweruka ubwere ndi kanthu tidzaone."

Ndinasankha katenka wanu, ndalama yapepala ya ma ruble handiredi ya 1910, uja anachokera m'bokosi la agogo a Nyura. Ndiye wamkulu kuposa onse, ndipo mfumukazi Katerina amaoneka bwino mukamuyang'anitsa padzuwa. Koma anali wopindidwa panayi, ndiponso pamalo poyera paja, pambali, panali zolemba za pensulo, mizere itatu yopotokapotoka. Ndinayesa kuwerenga sindinathe. M'buku la mitengo analemba kuti ndalama yopindika ndi yolembedwa imatsika giredi, mtengo n'kuchepa. Ine ndinkafuna ndikafike ndi chinthu choyera.

Achimwene, ndinatenga labala ndi kufufuta. Ndinachita pang'onopang'ono, mosamala kwambiri, mpaka ndinadzitama. Kenaka ndinayala kansalu konyowa pamwamba ndi kusita ndi simbi ya mayi. Katenka anawongoka see, ngati wangotuluka kumene kubanki.

Loweruka ndinamuika patebulo. A Veniamin Markovich sanatenge n'komwe galasi lawo lokulitsa. Anangomukweza ndi kachitsulo kopanira, n'kununkhiza.

"Rimma Pavlovna, tabwerani mudzanunkhize malaya a mfumukazi. Achapidwa lero lomwe."

A Rimma Pavlovna ndi mayi aja ankagwira ntchito ku positi, amasonkhanitsa za ma ruble asanu zokhazokha. Anayendetsa chala papepala n'kunena kuti, "Chaterera ngati tsaya la khanda. Wasita ndani, iwe?"

Ndinati ndinamupeza choncho.

"Ndiye agogo ako anali ndi simbi yamagetsi nthawi ya mfumu," anatero a Veniamin Markovich. Onse anaseka, ngakhale bambo aja a mamendulo amene saseka.

Anandifotokozera kuti pepala la ndalama limakhala ndi timizere tokwera, chala chimatimva, ndipo simbi imatipha. Mapindo sachoka, amangobisala. Ine makutu anali atatentha. Ndinafunsa kuti ndawononga ndalama zingati.

A Veniamin Markovich anati, "Zingati? Mwanawe, akatenka anasindikizidwa miyandamiyanda. Anthu ankamata m'mabokosi a zovala. Ndili nawo makumi awiri m'kabati, ndikupatsa mmodzi ukandigulira mapirozhki awiri, timabanzi tija ta kabichi." Akulankhula choncho anapendeketsa pepala chakuwindo, ndiye anasiya kuseka. "Apa panali chiyani?"

Apo sindinanamenso. Ndinati panali zolemba, ndinafufuta.

A Rimma Pavlovna anavula magalasi. "Zolemba za ndani?"

Ndinati sindikudziwa, mwina za kwathu.

"Ee, mwana wanga," anatero. "Wataya mkaka, wasunga botolo."

A Veniamin Markovich anati, "Musamulize, Rimma. Inu nomwe munaphika sitampa m'ketulo chaka chija, tonse tikudziwa."

"Ndinali ndi zaka khumi, nkhalamba iwe!"

"Munali ndi makumi anayi."

Anatseka makatani, n'kugoneka tochi ya foni pambali pa pepala kuti kuwala kudutse chokwawa. Akuti pensulo imasiya timikwasa ngakhale utafufuta. Zikanaoneka zonse ndikanapanda kusita. Tinawerama anthu asanu, mitu kugundana. A Rimma Pavlovna ndi amene amatha zolemba zakale, zaka zonse zija akuwerenga maenvulopu. Mzere woyamba anawerenga kuti, "Ya ng'ombe." Wachiwiri, "Osakhudza." Wachitatu ndi dzina, koma simbi inadutsa pomwepo. Zatsala zilembo ziwiri, "Ev".

"Evdokiya," anatero mmodzi. Wina Evgeniya. A Veniamin Markovich anati mwinanso Evlampiya, kumidzi ankawakonda mayina otero. Kenaka anati, "Ankaisunga kuti agulire ng'ombe, ndiye ufumu unagwa, ndalama inasanduka pepala. Ng'ombeyo sanaigule. Akanagula, katenka sakanakhala pano."

Ine sindinaganizepo zimenezo. Ndinkangoona mfumukazi.

Kunyumba ndinafunsa mayi mozembera. Anati za kuchimuna sazidziwa. Bambo ndinawafunsa akudya supu kuti agogo awo a agogo a Nyura anali ndani. Anaganiza, anaganiza, n'kunena kuti ankangowatchula kuti "agogo a ku Reshma", dzina laiwalika. "Koma linalembedwa pa ndalama ya Gleb ija, kaone pamenepo." Ndinati chabwino, n'kupitiriza kudya.

Ndiye mwatsala inu. Ndikukumbuka muli ndi zaka khumi ndi zitatu, agogo a Nyura anakukhazikani pakama, akukuwerengerani pepala limeneli ndi chala. Ine ndinali pansi ndikusewera ndi mphaka, sindinamvere. Chonde yesani kukumbuka. Musalembe longoganizira pofuna kundisangalatsa. Ngati mwaiwala, nenani kuti mwaiwala, ndidziwe kuti dzinalo ndinalitaya ndine.

A Veniamin Markovich anafuna kundipatsa katenka wawo woyera kuti ndiike m'buku mwanu. Ndinakana. Wanu ndamubwezera m'thumba lake lapulasitiki, tsamba lachitatu, pamene ankakhala. Pambali ndaikapo kapepala kolemba mizere iwiri ija, ndasiya malo a wachitatu. Pandalama penipenipo sindilembapo kanthu. Ngati mukufuna kuti buku lanu ndilipereke kwa mayi asunge mpaka mudzabwere, ndipereka, sindidandaula. Ku kalabu ati ndizibwerabe. A Rimma Pavlovna ayamba kundiphunzitsa zolemba zakale pa mapositikhadi awo, ndafika pa chilembo chija chonga mtanda.

Mayi akuti muzivala masokosi aubweya aja, anatumiza kuti muzivala osati kusunga. Bambo akupereka moni. Iwo sakudziwabe, ndipo ndikumva akukuntha nsapato pamasitepe, abwera kudzadya nkhomaliro. Ndilekeze pano kuti ndikawauze asanakhale patebulo, chifukwa akangofunsa kuti ndaliona dzina lija, ndikuopa ndinamanso.

Mukayankha, mukalipe kaye mmene mungafunire, ndiwerenga zonse. Koma dzinalo mulilembe ndi zilembo zikuluzikulu, ndi bolopeni.

Ndine mlongo wanu,
Tasya