Liwu la m'buku la Tadala

Lachinayi, mwezi wa Juni. Nkhungu sinachoke paphiri tsiku lonse, ndipo ine ndafika potopa.

Mwana wanga Tadala wayambanso chifuwa, kachitatu chaka chino. Kuchipatala adokotala alemba m'buku lake za utsi wa m'khitchini ndi chibayo, pakati pake n'kuikapo liwu lachingerezi loti "predispose". Mzere wa odwala unali wautali, sindinafunse.

Pobwerera ndinaima pachulu pomwe netiweki imagwira, n'kulifufuza pafoni. Ndinamvetsera katchulidwe kake kanayi. Lilime linkakana, koma ndinalikakamiza, Fomu 4 yanga isapite pachabe. Tanthauzo lake n'lakuti utsiwo umafooketsa thupi kuti matenda akabwera asavutike kulowa.

Ndinawafotokozera apongozi anga tikusenda mbatatesi. Sanadzutse n'komwe mutu.

"Make Tadala, ana anga asanu ndi awiri anakulira mu utsi womwewu," anatero. "Chifuwachi n'chakumtundu kwanu."

Ndinapempha kuti tiboole kazenera kukhoma. Anandikumbutsa kuti khitchiniyo anamanga ndi malemu amuna awo, ndipo ine ndine mtengwa. Bambo a Tadala ali ku Joni. Ndawatumizira uthenga, ayankha kuti ndisamalimbane ndi amayi.

Madzulo ano ndaphika momwemo, chitseko chili chotseka, nkhuni zili zonyowa. Tadala ndinam'bereka chifukwa panja kukuzizira ndipo ndinalibe womusiyira. Ndikukupiza moto ndinkalitchula liwu lija chapansipansi, ndipo tsopano likutuluka bwinobwino ngati la adokotala. Tadala n'kuti akutsokomolera pakhosi panga.