Amayi Akuti ku London Ndi Pafupi Kuposa ku Balaka

Aphungu,

Mlongo wanga Rukiya anapita ku London kukaphunzira unamwino, chino ndi chaka chachitatu. Tsiku lonyamuka amayi analira mpaka mawu kutha. Pofuna kuwatonthoza ndinati, "Amao, musalire. Ndege ikanyamuka ku Chileka lero, mawa yafika." Sindinaname, koma ndinalakwa.

Amayi amakhala ku Chikweo, ndipo mtunda amauyesa ndi miyendo. Pobwera kuno ku Balaka amayenda pansi mpaka ku Ntaja, kudikira basi, kugona pa Liwonde, masiku awiri athunthu. Ndiye kwa iwo ku London ndi pafupi kuposa kwanga. Lachisanu lililonse amasesa m'chipinda cha Rukiya, ndipo milamba youma ya ku Chiuta amamusungira mpaka kufumbwa.

Tsopano akudwala chifuwa, aonda zedi. Sabata yatha anandigwira dzanja nati, "Iwe wa masiku awiri umabwera. Wa tsiku limodzi ndinamulakwira chiyani?" Makalata a Rukiya amayi akukana kuti ndiwawerengere. Rukiya sindinamuuze za matendawa, kuopa kumusokoneza mayeso. Ndili ndi mantha kuti amayi angatisiye akuganiza kuti mwana wawo anawataya. Nditani?

S.A., Balaka

Okondedwa S.A.,

Pepani ndi matenda. Koma achimwene, mwachedwa nazo! Amayi anu sakulakwa masamu, munawapatsa muyeso wolakwika ndinu. Munawauza liwiro la ndege, mtunda osawauza.

Kuchokera ku Blantyre kukafika ku London ndi mamailosi opitirira 5,000. Ndege imaudula mtundawo tsiku lisanathe, koma nambala imeneyi musapite nayo ku Chikweo, sikawathandiza. Ndakhala pansi ndi pensulo. Munthu wamphamvu woyenda mamailosi makumi awiri pa tsiku, osapuma ngakhale Lachisanu, nyanja tisaiwerengere, angayende pafupifupi miyezi isanu ndi inayi.

Kwerani basi Loweruka lino. Mukakhale nawo pamphasa, muyambe ndi kupepesa: "Amao, ndinakuuzani theka." Kenako mukawauze kuti Rukiya akanati abwere ndi miyendo, akanayenda miyezi yonse imene iwo anamunyamula m'mimba. Muyeso umenewo palibe mayi amene saudziwa. Muwauzenso kuti ndege si basi ya ku Ntaja yoimitsa ndi dzanja. Mwana wa sukulu sangakwere pomwe wafunira.

Za chifuwazo, musadikire. Atengereni kuchipatala ulendo womwewo, angakane bwanji.

Ndipo Rukiya mumuuze lero, pa telegalamu, osati kalata yoyenda milungu iwiri. Inu mukuti mayeso? Iyayi. Munthu akuphunzira unamwino, mukumubisira matenda a mayi ake omwe! Akadzamva mochedwa sadzakukhululukirani. Mumupemphe ajambule mawu ake pa kaseti, m'Chiyao, awalonjere amayi monga ankachitira m'mawa kwawo. Kalata imadzera pakamwa panu, n'chifukwa chake akuikana. Mawu a mwana wawo sadzawakana.

Chenjezo langa ndi ili: musawalonjeze tsiku lobwera Rukiya pokhapokha tikiti ili m'manja mwake. Mwawadikiritsa kale Lachisanu lambirimbiri. Milamba ija kadyeni nawo limodzi, ndipo chipindacho asiyeni azisesa ngati akufuna. Kungoti azisesa akudziwa kuti mwana wawo ali kutali, sanawataye.

Aphungu