Kabokosi ka pazenera la ababa

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli amphamvu, inu ndi alamu ndi ana. Bondo la amayi lija likuwalola kuyenda? Za ababa sindifunsa mwamwambo chabe, chifukwa ndi iwo andikhazika pansi kuti ndilembe. Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima ndiye ayi.

Chithunzi chomwe alamu ananditumizira sabata yatha ndinachilandira. Munawatchenetsa ababa, jekete lawo lakuda, tsitsi lopesa, atakhala pambali pa makina awo osokera ngati angopumirako pang'ono. Ndinayamba ndaseka, poti jeketelo likuoneka ngati lobwereka. Kenako ndinachikulitsa pafoni kuti ndione bwino nkhope yawo, maso anga n'kugwera pazenera kumbuyo kwawo. Pali kabokosi koyera ka mankhwala, pakati pa sizasi ndi chitini cha mabatani. Munakonza m'chipinda monse, koma kameneko munakasiya, poyesa kuti ndi makapisozi ngati ena onse.

Achimwene, dzina lolembedwa pa kabokosiko ndimaliwerenga tsiku ndi tsiku. Lili pa botolo lomwe limakhala pa shelefu pamwamba pa tebulo langa ku labu.

Paja inu mumati ntchito yanga imakuzunguzani mutu, ndipo ababa amauza makasitomala awo kuti mwana wawo anapita kutali kukaphunzira kufufumitsa buledi. Lero mundipirire ndifotokoze. Yisiti ndi timaselo tamoyo, ndipo ife timatiweta m'timbale. M'kati mwa kaselo kalikonse muli DNA, ulusi wautali wosunga malangizo onse a moyo wake, wokulungidwa pa timabobini kuti usapiringizike. Pamene pakulungidwa mothina, malangizo a pamenepo sawerengedwa, amangokhala chete. Ulusiwo ukaduka, kaseloko kamaima kaye, sikagawikana mpaka katalumikiza podukapo n'kukulunganso bwinobwino. Ine ndimafufuza chomwe chimakauza kuti kaime ndi chomwe chimakamasula kuti kapitirize. Kuti ndione zimenezi ndimavala magolovesi n'kuthira mankhwala ajawa, ndipo pakapita kanthawi ndimapeza timaselo tonse taima, tatupa.

Mankhwala omwewo madokotala amapatsa munthu amene maselo a m'magazi mwake akuchulukana osamva kuletsedwa. Munthu wa msinkhu wa ababa samupatsa amenewo chifukwa cha kutopa komwe mwakhala mukundiuza pafoni. Chithunzicho ndinamuonetsa mnzanga wa tebulo loyandikana ndi langa, yemwe anali dokotala kwawo asanabwere kuno. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandifunsa ngati ababa akudandaula mimba chakumanzere ndiponso ngati akumadzuka atanyowa ndi thukuta. Zonse ziwirizi amayi ananditchulirapo mongodutsa. Nditamuuza choncho anangondikokera mpando kuti ndikhale.

Ndakwiya nanu, sindibisa. Lamlungu lililonse mumandiuza kuti ababa atuluka, ababa agona, ababa ali ndi kasitomala. Kodi mumadikira za mwambi uja, woti mukabisa matenda maliro tidzamva? Komabe mwini lamulolo ndikumudziwa. Ababa ndiwo anakuuzani kuti mwana asasokonezedwe mpaka amalize sukulu, ndipo inu chibadwire simunawabwezepo mawu. Mwasenza nokha, kuwaperekeza kuchipatala, kugona pa benchi, kenako n'kumandisekerera ine pafoni. Ndikaganiza zimenezo mkwiyo umatha, chimatsala ndi chisoni.

Chimandipweteka n'chakuti ngakhale mwa yisiti kukhala chete kuli ndi malire. Ulusi ukaduka, tinthu tomwe timalondera malo okulungidwa mothina aja timasiya ulonda wake n'kuthamangira podukapo. Tsiku lomwe ndinaona izi koyamba ndinakondwa mpaka ndinawaimbira foni ababa. Anandimvetsera, nati mmisiri aliyense amasiya zonse nsalu ikang'ambika. Tsopano ndikuzindikira kuti ankalankhula ali chigonere.

Ndinakaonana ndi abwana anga, apulofesa. Ndi mayi abwino, kungoti ntchito inawalowa m'magazi. Anandikumbutsa kuti gulu lina likufufuza zomwezi, ndipo ndikachoka panopa lingatipitirire, thukuta langa lonse n'kupita pachabe. Anati ndipirire miyezi yotsalayi ndimalize kaye. Ndinayesadi. M'mawa mwake ndinatsitsa botolo lija kuti ndiyeze mlingo, koma ndinatayira ufa wake pa sikelo. Ndinakhala chiimire pomwepo, misozi ikugwera pa magolovesi, anzanga akunamizira kuti sakundiona.

Dzulo ndatenga mitundu yonse ya yisiti wanga, ndaithira m'timabotolo, ndatsekera mu firiji yozizira koopsa ya m'chipinda chapansi. Mmenemo yisiti amagona zaka, ndipo ukadzamutulutsa amadzuka n'kupitiriza pomwe anasiyira. Ameneyo angathe kundidikira. Abwana aja anangopukusa mutu, koma anandilola. Ndifika kumapeto kwa mwezi uno, tsiku lenileni ndikuuzani pafoni.

Pakadali pano kabokosiko mukachotse pazenera, mukaike pamwamba pomwe ana sangafike. Amayi asamatsegule makapisoziwo kuti asungunulire m'madzi monga amachitira ndi mankhwala ena, ndipo akawagwira azisamba m'manja ndi sopo. Ndikafika mudzandiuze zonse zomwe adokotala ananena, osachotsera.

Pempho langa ndi limodzi. Ababa asadziwe kuti ndasiya ntchito panjira chifukwa cha iwo, angadwale kawiri. Akafunsa chomwe ndikubwerera, muwauze kuti ndatsala pang'ono kumaliza, ndiye ndikudzayezetsa diresi la tsiku lolandira digiri. Muwauze kuti ndakana matelala onse akuno, ndati nsalu yanga sadula munthu wina. Adzang'ung'udza kuti ndikanangotumiza miyezo, inu mudzawasiye ang'ung'udze. Ndikufuna andiyeze okha ndi tepi yawo, andikalipire kuti ndiime mowongoka, manja awo akadali ndi mphamvu. Kaya diresilo lidzatha kaya silidzatha, zimenezo tisazikambe.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti sindinawasungire kanthu kukhosi. Alamu musawadzudzule za chithunzicho, andithandiza osadziwa. Moni kwa azakhali, kwa amalume ndi banja lawo, ndi kwa ana anu onse. Ababa musawapatse moni wa m'kalata muno, ndidzawapatsa ndekha.

Ndine mlongo wanu,
Mzime wa atelala